Ana athu awerenge nkhani za ofufuza milandu

Mwana wa ku Kavalamanja amamva Chizungu m'kalasi mokha. Akaweruka, padoko la Zambezi ndi kumunda ndi Chinyanja kapena Chikunda. Koma mayeso a giledi 12 salabadira zimenezo: ukalephera Chizungu, khomo la koleji latsekeka.

Ife tikuti kuloweza mawu pamtima kwachepa mphamvu. Apatseni ana buku ngati The Thursday Murder Club, limene Richard Osman anatulutsa mu 2020. Nkhalamba zinayi za pamudzi wa opuma pantchito ku England zimakumana Lachinayi lililonse kufukula milandu yakale, mpaka munthu aphedwadi pafupi nazo. Mwana wofuna kudziwa wakuphayo sangadumphe liwu loti alibi. Adzafunsa, adzamva kuti ndi umboni woti munthu anali kwina mlandu ukuchitika, ndipo sadzaliiwalanso.

Vuto lilipo. Angelezi amachita nthabwala nkhope ili gwa, kunena zosiyana ndi zimene akutanthauza, moti wowerenga yekha angazitenge ngati zoona. N'chifukwa chake tikupempha aphunzitsi aziwerenga nawo mokweza, mutu umodzi pa sabata. Buku limodzi likwanira kalasi yonse, ndipo ife a pawailesi tingapereke mphindi zokambirana mawu atsopanowo.