Nkhokwe ya mapuloteni: nafenso tiikemo

Inu amene mukuphunzira kuwerenga mukudziwa mphamvu ya chilembo chimodzi. Mukasintha chilembo chomaliza, "mbale" amasanduka "mbala". Thupi nalo lili ndi zilembo zake. Mapuloteni, amene amamanga minofu ndi kunyamula mpweya m'magazi, amapangidwa ndi tizidutswa ta mitundu 20 tolumikizana ngati mikanda. Asayansi anapatsa kachidutswa kalikonse chilembo chake, ndiye puloteni amailemba ngati liwu lalitali kwambiri. Matenda a sickle cell amabwera chifukwa kachidutswa kamodzi kokha kasintha m'puloteni ya m'magazi.

Kale kuwerenga puloteni imodzi inali ntchito ya zaka. Mu 1965, Margaret Dayhoff wa ku America anasonkhanitsa mapuloteni 65 m'buku limodzi kuti anzake asamabwereze ntchito imene ena anagwira kale. Mu 1986, Amos Bairoch anayambitsa nkhokwe ya pa kompyuta ku Geneva, yotchedwa Swiss-Prot. Mu 2002 nkhokweyi inaphatikizana ndi zina n'kukhala UniProt. Lero muli mapuloteni mamiliyoni ambiri, ndipo aliyense amene ali ndi intaneti amatsegula osalipira.

Koma chaulere sichidzisamalira chokha. Mu 1996 Swiss-Prot inatsala pang'ono kutsekedwa chifukwa ndalama zinali kutha. Asayansi a m'mayiko ambiri analemba makalata odandaula, ndipo inapulumuka. Aliyense amene anaonapo mjigo utafa pamudzi chifukwa ankatunga ndi ambiri koma osonkha ya sipeya kunalibe, nkhaniyi akuimvetsa.

Zikutikhudza bwanji kuno ku Mozambique? Taganizani za malungo. Kachipangizo kamene amakadonthezera magazi a pachala kuchipatala kamafufuza puloteni ya kachilombo ka malungo. Katemera wa malungo wa RTS,S, amene anayesedwa pa ana ku Manhiça, anapangidwa ndi chidutswa cha puloteni ya kachilombo komweko. Ndipo kachilomboka kamasintha. Ku Peru, Eritrea ndi Ethiopia kunapezeka tizilombo tosapanga puloteni imene zipangizo zambiri zimafufuza, moti wodwala ankatha kuuzidwa kuti alibe malungo ali nawo. Zoterezi zimadziwika msanga ngati dziko lililonse likuwerenga tizilombo take n'kugawana ndi ena zimene lapeza.

Maganizo athu ndi akuti tisamangotapa. Tizilombo ta ku Angónia kapena ku Lichinga tiziwerengedwa ndi asayansi athu, ndipo mayina awo azilembedwa pa ntchitoyo. Magazi a anthu asatengedwe popanda eni ake kufotokozeredwa m'chilankhulo chawo ndi kuvomera. Zimenezi zimafuna makina, magetsi osazimazima ndi malipiro oti wophunzira asathawire kunja. Aphungu athu akamakambirana bajeti ku Maputo, tiwafunse kuti Instituto Nacional de Saúde ndi mayunivesite apatsidwa zingati za kafukufuku.