Mageti a pa Liwonde sangaphwetse Nyanja ya Malawi

Pali mawu amene akhala akuyenda pakati pathu kuyambira mu 2024, chaka chimene Nyanja ya Malawi inakwera n'kulowa m'nyumba za anthu, m'minda ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, ku Salima, ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay. Mawu ake ndi akuti: "Nyanja yasefukira chifukwa anatseka mageti pa Liwonde. Angotsegula basi, madzi aphwa." Mwawamva m'minibasi, mwawawerenga pa WhatsApp, ndipo chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti akutulukanso pakamwa pa anthu amene anapita kusukulu, ena mwa iwo a maudindo.

Amene nyumba yake yamira sindingamudzudzule chifukwa chofunsa. Funso lake n'lomveka. Chaka chomwecho kunali ng'amba ya El Niño, chimanga chinapserera m'minda, mpaka boma linalengeza kuti m'maboma 23 mwa 28 muli ngozi. Munthu wa ku Makawa kapena ku Senga Bay anayang'ana kumwamba osaona mtambo, anayang'ana pakhomo n'kupeza madzi. Akanaleka bwanji kukayikira kuti pali wina watseka penapake? Koma mvula imene imadzaza nyanjayi si ya pa Mangochi yokha. El Niño yemweyo amene anaumitsa kummwera anagwetsa mvula yambiri kumpoto ndi ku Tanzania, ndipo mtsinje umene umathira madzi ochuluka koposa m'nyanja yathu ndi Ruhuhu, wa ku Tanzania komweko. Onjezanipo Songwe, North Rukuru, South Rukuru, Dwangwa, Bua, Linthipe, ndiponso mvula yogwera pa nyanja penipenipo.

Zoti mageti anatsekedwa n'zosachedwa kuyankha. Magetsi athu ambiri amapangidwa pa Nkula, pa Tedzani ndi pa Kapichira, ndipo malo onsewa ali pa mtsinje wa Shire, kumunsi kwa Liwonde. Shire atatsekedwadi, dziko lonse likanagona mumdima. Madzi ankadutsa.

Koma tiyeni tikhale pansi pa mawu awa akuti "angotsegula basi, madzi aphwa". Amenewa ndiwo akundisowetsa mtendere, chifukwa akuwapatsa anthu chiyembekezo chabodza, ngati pali munthu wina pa Liwonde amene akungoumira dala ndi kiyi m'thumba.

Nyanja ya Malawi ndi yaikulu masikweya kilomita oposa 29,000. Kuti itsike ndi sentimita imodzi yokha, kamlingo kosakwana n'komwe kukula kwa chikhadabo chanu, payenera kutuluka madzi okwana makyubiki mita 290 miliyoni. Tsono tiyerekeze kuti pa Liwonde awonjezera madzi otuluka ndi makyubiki mita 500 pa sekondi iliyonse. Amenewo si madzi amasewera ayi, kuli ngati kuika Shire wina pamwamba pa Shire amene tili nayeyu. Pa tsiku lathunthu, usana ndi usiku, zikukwana makyubiki mita 43 miliyoni. Gawani nokha. Sentimita imodzi ija itenga pafupifupi sabata. Sabata yathunthu, sentimita imodzi! Amene madzi afika m'mawondo m'chipinda chake adikira masabata angati? Kuti nyanja itsike ndi mita imodzi pa liwiro limeneli, padutsa chaka ndi miyezi khumi. Ndibwereze: chaka ndi miyezi khumi, mageti ali yasa, Shire ali wodzaza kawiri. Ndiye wina aime pagulu n'kunena kuti angotsegula basi?

Masamu amenewa si a ku yunivesite. Mwana wa Fomu 2 atha kuwachita kuseri kwa kope lake. Nanga bwanji akuluakulu athu sawachita asanatsegule pakamwa?

Ndipo ngakhale mutachotseratu baraji yonse ya pa Liwonde, pomwe pali magetiwa, mutaigumula n'kutaya zitsulo zake, nyanja siingakhuthuke mmene anthu akuganizira. Kuchokera pomwe Shire amatulukira ku Mangochi, kudutsa mu Nyanja ya Malombe mpaka kufika pa Liwonde, dziko ndi lathyathyathya; mtsinje umatsika mamita ochepa kwambiri pa mtunda wonsewo. Madzi amayenda mwaulesi, m'khwawa losaya, lodzaza mchenga, matope ndi namasupuni. Khomo lake ndi limenelo, lilibe linzake. Mitsinje yonse ija ikuthira, wotulutsa ndi mmodzi yekha. N'chimodzimodzi kukapa dziwe ndi chipande pomwe mvula ikugwa.

Choonadi chimene ambiri sitikuchidziwa n'chakuti Shire si amene amachotsa madzi ambiri m'nyanja. Ndi dzuwa ndi mphepo. Chaka chilichonse madzi okwana mita imodzi ndi theka, kapena kuposerapo, amauluka ngati nthunzi pamwamba pa nyanja yonse, makamaka m'miyezi ya mwera ndi m'chilimwe. Pa magawo asanu a madzi amene nyanja imataya, pafupifupi anayi amapita mumlengalenga. Gawo limodzi lokha ndi limene limadzera mu Shire. N'chifukwa chake nyanja imafika pachimake cha m'ma Epulo ndi Meyi, kenako n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka mvula itayambanso. Mageti akulamulira kagawo kakang'ono ka nkhaniyi. Zoti baraji imasunga madzi n'zoona, ndiyo ntchito imene anaimangira mu 1965, ndipo ataikonzanso zaka zapitazi inayamba kusunga ochulukirapo pang'ono. Titha kukambirana ngati m'zaka za mvula yambiri akanayamba msanga kutulutsa madzi. Mtsutso umenewo ndi wabwino, ndipo a bungwe loyang'anira madzi la National Water Resources Authority ayenera kuuyankha poyera ndi manambala. Koma kunena kuti baraji ndiyo inadzaza nyanja, n'kuwonjezera kuti ingaiphwetse m'masiku owerengeka, ayi, pamenepo ndiye tasochera.

Nyanja imeneyi inayamba kukwera ndi kutsika kalekale, baraji kulibe. Kuyambira cha mu 1915 mpaka cha mu 1935 inatsika kwambiri moti Shire analeka kutuluka, pakamwa pake panatsekeka ndi mchenga ndi bango. Panalibe geti pamenepo. Mu 1980 inakwera kupitirira mamita 477 kuchokera pa mlingo wa nyanja zamchere, kuposa pomwe inafika mu 2024, pamene inali pa mamita 476 ndi pang'ono. M'zaka za m'ma 1990 inatsikanso, ndipo mu 2016 ndi 2017 inatsika moti magetsi ankazima tsiku ndi tsiku. Mukukumbukira zimene tinkanena nthawi imeneyo? Tinkafunsa kuti bwanji sanasunge madzi.

Tsono madzi amene tikuti atsegulidwewo akupita kuti? Sakusowa m'malere. Akutsetserekera ku Matope, kukagunda pa Nkula, pa Tedzani, pa Kapichira pomwe namondwe Ana anagumula damu mu Januwale 2022 n'kutilanda mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Akatero akufika ku Chikwawa, akudzaza Dambo la Njovu, akukumana ndi Ruo pa Chiromo, kenako ku Nsanje ndi ku Makhanga. Kumeneko kuli anthu amene anamondwe Ana ndi Freddy anawasiya padzuwa. Kuti khonde la ku Mangochi liume ndi sentimita imodzi pa sabata, mudzi wa ku Nsanje umire? Amene akufuula kuti tsegulani, dzina la Nsanje simudzalimva pakamwa pake.

Apa ndi pomwe mkwiyo wanga ukuchoka kwa anthu wamba n'kupita kwa a maudindo. M'zaka zimene nyanja inabwerera m'mbuyo, panaoneka mchenga woyera, malo okongola, ndipo malo aja anagulitsidwa. Ena anagulitsa ndi mafumu, ena anadutsa m'maofesi, mapulani anadindidwa, makhonsolo anatolera ndalama zawo, mipanda ya njerwa inafika mpaka pomwe mafunde amathera. Kodi panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa pomwe madzi anafika mu 1980? Mlingo wa nyanja umayezedwa ndi kulembedwa kwa zaka zoposa 100. Mabuku alipo. Agogo a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja akanatha kuloza mtengo umene ankamangirirapo bwato. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo amene ankadinda mapepala aja mwambiwu amaudziwa bwino. Lero nyanja yabwerera pamalo pake, ndipo nkhani ya mageti yawakomera, chifukwa aliyense akuyang'ana ku Liwonde, palibe akufunsa kuti anasayina ndani.

Msodzi amene anamanga kanyumba kake pafupi ndi doko chifukwa alibe kwina, ameneyo afunika malo kumtunda ndi thandizo lenileni, osati kumuuza kuti adikire geti. Amene ali ndi ndalama, amene akanatha kulemba katswiri woyeza malo asanathire maziko, asatiuze kuti anadzidzimuka. Ndipo a boma nawo aleke kulankhula nyanja ikafika kale pakhomo. Mlingo wa madzi uzilengezedwa pa wailesi m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitonga ndi m'Chitumbuka monga timamvera za nyengo, pamodzi ndi kuchuluka kwa madzi amene akudutsa pa Liwonde tsiku limenelo. Pakhomedwe zipilala m'mbali mwa nyanja zosonyeza pomwe madzi anafika mu 1980, kuti wogula malo aliyense aziona ndi maso ake asanapereke ndalama. Anthu akabisiridwa manambala amakhulupirira mphekesera, ndipo pamenepo wolakwa si iwo.

Wina akadzakuuzaninso kuti angotsegula basi, mufunseni mafunso awiri: nyanja itsika masentimita angati pa sabata, ndipo madziwo akagona m'nyumba ya yani ku Chikwawa ndi ku Nsanje.