Mchere wa pachiwaya

Pachiwaya cha ku Old Town, wogulitsa amawaza mchere pa tchipisi, wogula nayenso n'kutapa wina ndi zala asanalawe n'komwe. Musaganize kuti a ku Area 10 ndi Area 43 apulumuka. Wawo umabisala m'soseji, m'poloni ndi m'timibulu ta Knorr toponya mu ndiwo zothira kale mchere. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asamafike magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi. Mchere wambiri umakweza BP, ndipo kafukufuku wa STEPS wa 2009 adapeza kuti wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi muno ali ndi BP yokwera, yomwe imawononga impso ndi kugwetsa anthu ndi sitiroko. Zimandiwawa ine. Amayi ndi abambo, chotsani mchere patebulo. Tomato, anyezi ndi mandimu azikometsa ndiwo, ndipo mukayezetse BP sabata ino.