Kachilonda ka pa lilime ndi khadi la inshulansi

Khansa ya m'kamwa imayamba mwakachetechete. Pa lilime pamabwera kachilonda kosapola, kapena banga loyera mkati mwa tsaya. Ya pakhosi imasasitsa mawu, mwinanso kutupitsa mwanabere wosapweteka. Ku America, mwa odwala 100 amene khansayi yapezeka isanafalikire, oposa 80 amakhala adakali moyo patatha zaka zisanu. Ikafika kutali ngati m'mapapo, otsala amakhala pafupifupi 40 okha.

Kumeneko, wopanda inshulansi ya zaumoyo amaopa bilu ya kuchipatala. Amachukucha madzi amchere, kumwa mapilitsi opha ululu, n'kumadikira. Akamafika kwa dokotala, nsagwada zauma, phala lenileni likukana kudutsa. Apo chofunika ndi opaleshoni yaikulu, kuwotcha chotupacho ndi makina masiku asanu pa sabata kwa masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri, ndipo ena amadyera pa kachubu kolowa m'mimba.

Mu 2010 Barack Obama adasaina lamulo lokulitsa Medicaid, inshulansi ya boma yothandiza osauka, ndipo kukulitsako kudayamba mu 2014. Khoti lalikulu litagamula mu 2012 kuti chigawo chilichonse chisankhe chokha, Texas ndi Florida adakana. Ofufuza atayerekeza zigawozi, adapeza kuti kumene adavomera, odwala khansa ya m'kamwa ndi pakhosi opanda inshulansi adachepa kwambiri, ndipo opezeka msanga adachuluka.

Koma pali mpata umene ukadali wotseguka, ndipo ndi womvetsa chisoni. Amene amaona kachilonda kaja koyamba nthawi zambiri ndi dokotala wa mano. Medicare, inshulansi ya boma ya anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo, silipira kupima mano kwa nthawi zonse, chikhalirecho okalamba amene adasuta fodya ndi kumwa mowa zaka zambiri ali m'gulu la amene khansayi imawagwira kwambiri.

Kuno kwathu zipatala za boma n'zaulere, koma madokotala a mano ndi ochepa, ndipo khadi la inshulansi ya MASM lili makamaka ndi apantchito m'tauni. Aphungu akamakambirana za inshulansi ya dziko lonse, alembemo momveka kuti kupima m'kamwa kudzalipiridwa, komanso kudula kanyama kokayesa ku labu kachilonda kakatha masabata atatu kosapola.