Amai athu naonso ayende, osati pa maliro cabe

Mukafika ku Livingstone kapena ku Mfuwe pakati pa June ndi October, simungalephere kuwaona. Ndi kagulu ka azimai 8, 10 kapena 12 ocokera kunja, ambiri a iwo imvi zayamba kale, avala zipewa zazikulu ndi nsapato zolimba, aliyense ndi botolo lake la madzi m'manja. Mwamuna amene ali nao ndi dalaivala cabe. Ena acokera ku Britain, ena ku America, Germany kapena Australia. Dzulo anali kupalasa bwato mu Zambezi, lero akuyenda pansi m'thengo kulondola mapazi a njovu, mawa akwera ndeke kubwerera kwao.

Maulendo otere ndi bizinesi ndithu masiku ano. Kuli makampani amene nchito yao ndi kusonkhanitsa azimai a zaka za pakati pa 45 ndi 65, osadziwana n'komwe, n'kupita nao ku maiko otentha monga Costa Rica, Sri Lanka, Tanzania ndi kuno kwathu. Kampani ina yaikulu ya ku Australia, Intrepid Travel, inayamba maulendo a azimai okhaokha mu 2018, ndipo owatsogolera amakhalanso azimai. Cifukwa cake si covuta kumva. Mai wa msinkhu umenewu ana ake akula. Mwamuna mwina anamwalira, mwina cikwati cinatha, mwinanso alipo koma pa mpando wake wa pa TV sacokapo. Kupita yekha ku dziko lacilendo mai uja akuopa, ndipo basi ya anthu 50, imene imangoima mphindi 10 kuti mujambule, sakuifuna. Kagulu kocepa kamam'patsa anzake oceza nao ndi munthu wodziwa njira.

Alendo amenewa tiwalandire ndi manja awiri. Ndalama zao zimalipira ophika, ocapa, madalaivala ndi olondolera alendo, ndipo ku Mfuwe mabanja ambiri amadya cifukwa ca iwo. Koma nkhani yathu lero ili pafupi kuposa pamenepo.

Manje tembenukani pang'ono, muone mai amene mwapanikizana naye pa mpando mu Hiace muno, uyu wanyamula cikwama pa miyendo. Msinkhu wake ndi umodzimodzi ndi wa alendo aja. Mwina ali ndi tebulo ku Soweto, mwina amaphunzitsa ku Matero, mwina ndi nesi amene watsala zaka zocepa kuti apume pa nchito. Musaganize kuti sanayendepo. Mseu wa ku Nakonde amaudziwa dzenje lililonse. Amadziwa mtengo wa nsomba zouma pa Luangwa Bridge, amadziwanso kuzizira kwa pa Intercity 4 koloko m'mawa. Koma ulendo uliwonse umene anayendapo unali ndi katundu wake: maliro, matenda, kukaoda, kukatula mwana ku sukulu yogonera komweko, msonkhano wa chalichi kumene anathera masiku atatu pa moto kuphikira alendo. Ngati anapitako ku Mongu, ndiye kuti anadutsa pakati penipeni pa Kafue National Park, nkhalango ya nyama yaikulu koposa zonse m'dziko muno, ali mtulo ndi kutopa. Mathithi a Mosi-oa-Tunya, amene ali pa mtunda wosakwana makilomita 500 kucokera pano pa Lusaka, amawaona pa kalenda.

Ambuya athu a Cibemba amati umwana ashenda atasha nyina ukunaya, mwana wosayenda amatamanda nsima ya amake. Ife tikufunsa za amake a mwanayo, amene akhala akuphika nsimayo zaka 30. Iwo ayenda liti?

Yankho loyamba talimva kale m'mabasi momwemu. "Imwe, unga wadula so, renti ilindila, malaiti kulibe, mukamba va maholide?" Funso limeneli n'loona, ndipo sitinganamize munthu kuti mai amene sadziwa cimene adzukulu adye madzulo ano angaganize za bwato la ku Siavonga. Koma si onse ali pamenepo. Pali azimai ambiri m'tauni muno amene mwezi ndi mwezi amaponya cilimba osaphonya, ali m'magulu awiri atatu a village banking, amasonkha za kitchen party ya mwana wa mnzao, amagula citenge catsopano ca pa 8 March caka ciliconse kuti akagube padzuwa. Zonsezi sitikuzinyoza. Zikungoonetsa kuti cinthu cimene alendo aja amalipirira madola ambirimbiri, ndico kagulu ka azimai odalirana ndi munthu wosunga thumba, amai athu ali naco kale. Cao n'colimbanso kuposa, cifukwa iwo amadziwana mpaka kukhichini.

Tiyeni tiwerenge. Azimai 12 akamaponya K300 aliyense pa mwezi, pakutha pa miyezi 10 thumba lili ndi K36,000. Ndi ndalama zimenezo mungakhale pansi ndi mwini basi ndi mwini nyumba ya alendo n'kukambirana ngati anthu, pakuti wobweretsa anthu 12 samuuza mtengo umene amauza munthu mmodzi. Mugona awiri awiri m'cipinda, unga ndi ndiwo zina mwanyamula. Ambiri sadziwanso kuti pa geti ya mathithi ndi pa mageti a nkhalango za nyama, mwana wa dziko lino salipira mtengo wa mlendo wakunja. Amalipira wocepa kwambiri, m'makwacha, bola aonetse reji.

Cochinga cacikulu, mmene ife tikuonera, ndi cilolezo. Bambo wa zaka 55 akanena kuti kuli wekishopu ku Siavonga, amamulongedzera cikwama, palibe wofunsa kuti ndi wekishopu yanji yoyamba pa Cisanu madzulo. Mai wa zaka zomwezo anene kuti akupita kukaona mathithi ndi anzake, mumve mafunso. "Muyenda kucita cani? Nanga bana azasunga ndani? Ndalama izo simungagule mabuloko?" Ndipo kawirikawiri ofunsa kwambiri si amuna ao ai, ndi ife ana, amene tinazolowera kuti kwa amai ndiko kosiya mwana pa Ciweru, kuti amai ndiwo banki yathu yosafuna ciwongoladzanja. Mu 2023 boma linalola kuti anthu atengeko 20 peresenti ya ndalama zao za NAPSA asanapume pa nchito. Ngati amai anu anatengako, kafunseni kuti zinapita kuti. Mwina mupeza zili pa malata, pa fizi ya wina ku koleji, pa ngongole ya mlamu.

Zaka zimenezi sizibwerera. Pano mpamene maondo akali kulola kutsika ku Boiling Pot, kunsi kwa mathithi, n'kukweranso citunda cija pang'onopang'ono. Pakapita zaka 15 mai yemweyo adzakhala pa mzere wa BP ndi shuga ku kiliniki, ndipo ulendo umene ife ana tidzamukonzere mosanyinyirika, basi ya Rosa yodzaza, ndi uja wopita ku Leopards Hill kapena ku Chingwere. Tsiku limenelo ndalama zimapezeka dzuwa lisanalowe.

Sitikunena kuti amai amangidwe cingwe kumiyendo n'kudumpha mamita 111 pa mlatho wa Victoria Falls, ngakhale kuti wofuna sitimuletsa. Kungooloka kamlatho ka Knife-Edge mu April kapena May, madzi atadzaza, nthunzi ikukunyowetsani mpaka citenge ca mkati, phokoso loti simumvana ndi mnzanu ali pambali panu, imeneyo ndi nkhani yokasimba caka cathunthu. Mathithi amenewa ndi otambalala mamita oposa 1,700, ndipo madzi amagwa mamita oposa 100. Wofuna kuona madzi asapite mu October kapena November, cifukwa nthawi imeneyo mbali yathu ya Zambia imatsala miyala.

Kumene ubwino wa kagulu kocepa umaonekera kwambiri ndi ku South Luangwa. Maulendo oyenda pansi pakati pa nyama anachukira kumeneko, kuyambira pa nchito ya Norman Carr m'zaka za m'ma 1950. Oyenda amakhala ocepa, kawirikawiri osapitirira 6, conco gulu la 12 ligawike pawiri. Mumayenda pa mzere umodzi, patsogolo sikauti wa mfuti, pambuyo pake wolondolera amene amawerenga mapazi ndi ndowe monga mmene inu mukuwerengera nyuzipepala ino. Adzakuuzani kuti apa padutsa njati usiku, kuti ndowe iyi ndi ya fisi cifukwa yayera ndi mafupa. Palibe kuthamanga. Mumayamba m'mamawa kusanatenthe, maola atatu kapena anai mwabwerera. Mai amene amayenda pansi kucoka ku Kanyama kufika m'tauni ndi beseni pamutu sangalephere zimenezi, mwina ndiye adzalindira enawo. M'cigwa cimeneci muli nyamalikiti ya mtundu wa Thornicroft, imene simupezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Kucoka pa Chipata kufika ku Mfuwe ndi makilomita pafupifupi 130 pa mseu wa tara. Azimai angati a kum'mawa, amene amapita kumudzi caka ndi caka, anakhotako?

Kulinso Kasanka, kufupi ndi Serenje, kumene kuyambira kumapeto kwa October mpaka December mileme mamiliyoni imasonkhana m'kankhalango kamodzi, ndipo ikauluka madzulo kumwamba kumada. Mathithi a Kundalila ali m'dera lomwelo, ulendo umodzi ungakwanitse zonse ziwiri. Gulu lofuna kuyesa kaye lingayambe ndi Lusaka National Park, imene inatsegulidwa mu 2015 kuseri kwa tauni kuno: mwapita m'mawa, mwaona mbidzi, madzulo muli kunyumba.

Eni malo ogona ndi a boma ali ndi mbali yao. Malo ambiri a m'nkhalango amalemba mitengo m'madola pa intaneti, ngati kuti mai wa ku Chilenje kulibe. Ambiri ali nao mtengo wa anthu a m'dziko muno, makamaka nyengo ya mvula pamene alendo akunja acepa, koma umauziwa ukafunsa. Aulengeze m'makwacha, pa wailesi, m'Cinyanja, m'Cibemba, m'Citonga. A Zambia Tourism Agency, amene amatilimbikitsa kuyendera dziko lathu, apite kumene kuli magulu okonzeka kale: m'misika, m'magulu a azimai a m'machalichi, ku mabungwe a aphunzitsi ndi manesi. Atsikana ambiri aphunzirenso nchito yolondolera alendo. Akali ocepa, ndipo pali zinthu zimene mai wa zaka 50 sangauze mnyamata wa msinkhu wa mwana wake pakati pa thengo.

Kwa amai amene mwayamba kale kuwerengera anzanu m'mutu, cenjerani ndi thumba lanu. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pali otsatsa maulendo oona, palinso akuba amene amalandira dipoziti pa foni n'kuzimitsa nambala. Funsani laisensi ya Zambia Tourism Agency, kaoneni ofesi ndi maso anu, imbirani malo ogona inu nokha mumve ngati dzina la gulu lanu lalembedwa. Ndalama zisatuluke popanda anthu awiri kuvomera, monga mucitira pa village banking. Basi ikhale ndi mapepala a RTSA, ndipo dalaivala akanena zoyenda usiku kuti mufike msanga, mukane. Pa bwato valani jekete yoyandamitsa olo mwati mumadziwa kusambira. Mu Zambezi ndi mu Luangwa muli mvuu ndi ng'ona, si mitsinje yotsukamo mapazi kapena kucapamo citenge.

Mankhwala a BP ndi shuga akhale m'cikwama ca m'manja, osati m'sutukesi ya pansi pa katundu. Kucigwa kumatentha kuposa kuno, mu October kumatha kupitirira madigiri 40, ndipo udzudzu wake si wa masewera. Gonani mu neti, ndipo thupi likatentha mutabwerako pitani mukapimitse malungo tsiku lomwelo, muwauze kumene munali.

Holide ya Heroes ndi Unity, pa Mande ndi Ciwiri kuciyambi kwa July, imapereka masiku anai otsatizana. Madzi pa mathithi amakhala akalipo ambiri, koma kumazizira, nyamulani juzi. Gulu loyamba kuponya mu September lidzakhala litakwanitsa miyezi 10 ija pakutha pa June. Malo ogona ku Livingstone amadzaza msanga pa holide imeneyi, conco wosunga thumba aimbe foni April isanathe.