Dzina la Blantyre lamveka kunja, nanga mwana wa ku Kachulu?

Amalawi anzanga, funsani munthu aliyense mumsika wa Zomba kuti Malcolm Molyneux anali yani. Ambiri apukusa mutu. Komatu dokotala ameneyu, yemwe adamwalira mu 2021, adayambira ntchito yake m'boma lomwelino, pachipatala cha St Luke's ku Malosa, mu 1974. Atachoka kumeneko adapita ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kenaka ku Liverpool, ndipo mu 1995 adabwerera kudzatsogolera kafukufuku wa Malawi-Liverpool-Wellcome.

Ntchito yake njosabisika. Mu 1989, iye pamodzi ndi Terrie Taylor, Jack Wirima ndi mnzawo wina adafalitsa njira yoyezera kukula kwa chikomokere cha mwana wodwala malungo a muubongo. Dokotala amaona ngati maso a mwana akutsata chinthu, ngati akulira, ndiponso ngati akusuntha pomva ululu, nkupereka mapointi kuyambira 0 mpaka 5. Njirayi imatchedwa Blantyre Coma Score, ndipo madokotala a m'maiko ambiri kumene kuli malungo amaigwiritsa ntchito. Mu 2004 gulu lake lidaonetsa kuti mwa ana anayi aliwonse amene ankati afa ndi malungo a muubongo, pafupifupi mmodzi adaphedwa ndi nthenda ina. Chaka chomwecho adafalitsanso kafukufuku wa mankhwala a artesunate olowetsa kumbuyo kwa mwana amene sangathe kumeza.

Tsono tiyeni titsike phiri, tiwolokere kudambo la Chilwa. Ku Kachulu, ku Chisi, m'minda ya mpunga ya Likangala ndi Domasi, madzi amadikha ndipo udzudzu umaswana mosaletseka. Mwana akatentha thupi madzulo, pakati pa usiku nkuyamba kukomoka, mayi ake atani? Wa ku Chisi ayambe wapeza bwato. Wa kumtunda asake njinga kapena kabaza, mumsewu wamatope nyengo ya dzinja. Malungo a muubongo sadikira kuti kuche. Mapointi a Blantyre amapindulira mwana amene wafika pachipatala ali moyo. Amene watsirizikira panjira palibe womuyeza.

Apa mpamene pagona mkwiyo wathu. Asayansi adachita mbali yawo. Olakwa ndi ife a m'tauni, aphungu athu ndi nduna zathu, amene timakonda kuombera m'manja pamisonkhano ya m'mahotela koma osafunsa ngati nzeruzo zafika kugombe. Kodi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi ali ndi zoyezera magazi mwezi uno? Ali ndi LA? Ali ndi artesunate uja woti agwirizize mwana kufikira apeze chipatala chachikulu? Phungu amene sangayankhe mafunso atatuwa asatinamize kuti amadziwa dera lake.

Ena ati ndife osauka. Inde, koma kodi mu 1993 tinali olemera? M'chaka chimenecho Malawi adakhala dziko loyamba mu Africa kusiya klorokwini nkuyamba Fansidar, chifukwa ofufuza adaonetsa kuti klorokwini watha mphamvu ndipo akuluakulu adamvera. Mu 2007 tidasinthanso kupita ku LA. Mu 2019 tidakhala oyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana m'zipatala za boma. Zikafuna kutheka zimatheka. Chosowa si nzeru ayi, koma manyazi.

Enanso amathamangira kunyoza asodzi ati amagwirira matemba neti yogonamo. Zimachitikadi, ndipo nzolakwika. Koma musanaloze chala, kumbukirani kuti nyanjayi idaphwa mu 1995, nkudzaphwanso mu 2018. Munthu wanjala amayamba waganiza za ndiwo zalero. Kumudzudzula uli pa khonde ku Namiwawa nkosavuta.

Ndipo pali chamanyazi china. Kafukufuku wonseyu adayenda ndi ndalama zakunja. Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa adalonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Takwaniritsa kangati? Mu 2025 boma la America litadula thandizo lake mwadzidzidzi, tidaona tokha kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Inu amene mudakhalako kunja mukudziwa kuti palibe dziko lidatukuka ndi mbale yopemphetsa.

Molyneux adaphunzitsa madokotala ndi ofufuza achimalawi ambiri, ndipo alipo, akugwira ntchito. Sitikupempha chipilala kapena msewu wa dzina lake. Tikuti boma liwapatse ana akewa ndalama zofufuzira, likonze misewu ya kunyanja, ndipo bokosi la mlangizi wa zaumoyo lisamakhale lopanda kanthu. Phungu wanu akabwera kudzapempha voti, mufunseni za mwana wa ku Kachulu, ndipo musamulole achoke asanayankhe.