ZA MASEWERA: Mlimi wa ku Chongwe Nayenso Afuna Kuona Chipolopolo

Mpira wa miyendo ndiwo masewera a munthu wosauka. Mwana wa ku Kanakantapa kapena ku Chalimbana aphunzira kuumenya ndi cimpombwa, wopanda nsapato, ndipo palibe amene amlipiritsa. Koma mwana yemweyo akakula nafuna kukaona timu ya dziko lace ndi maso, apeza kuti mtengo wolowera m'bwalo wakwera pamodzi ndi mitengo ya ufa, sopo ndi mafuta.

Kwa munthu wa ku Chongwe, tikiti ndi ciyambi cabe. Boma la Chongwe lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kucokera ku Lusaka. Kuyambira 2012, pamene bwalo la Levy Mwanawasa linatsegulidwa, masewera ambiri a Chipolopolo acitikira ku Ndola, makilomita oposa 300 kucokera ku Lusaka. Wocemerera ayenera kulipira basi ya ku Lusaka, ndi inanso ya ku Ndola, kugula cakudya, kupeza pogona, ndi kusunga ya pobwerera. Mlimi awerenga ndalama zace m'matumba a cimanga. M'caka ca 2025 bungwe la Food Reserve Agency linali kugula thumba la makilogalamu 50 pa K340. Banja limene linaona cilala ca 2024 silingagulitse cakudya ca ana cifukwa ca mphindi 90 za mpira.

Komabe timu imeneyi ndi ya anthu omwewa. Ndiwo anali kuzungulira wailesi m'midzi kumvera malemu Dennis Liwewe aulutsa masewera. Ndiwo analira mu April 1993 pamene ndege inagwa m'nyanja ku Gabon ndi kupha anthu 30, kuphatikizapo osewera 18. Ndiwonso anavina usiku wonse pa 12 February 2012 pamene Zambia inagonjetsa Ivory Coast pa mapenate ku Libreville. Ndege imene inabwera ndi cikhoco inatera pa bwalo la Kenneth Kaunda, limene lili m'boma la Chongwe lomweli. Sicabwino kuti amene analandira cikho pakhomo pao akhale otsiriza kuona ocisewerera.

Bvuto limeneli lili m'maiko ambiri. M'caka ca 2025 bungwe la FIFA linalengeza kuti matikiti a Cikho ca Dziko Lonse ca 2026 adzayambira pa madola 60, ndipo ena a masewera otsiriza adzafika madola 6,730. Madola 60 pa nthawiyo anali ngati matumba anai a cimanga. Koma pamene cikhoci cinaseweredwa ku South Africa mu 2010, nzika za dzikolo zinasungiridwa matikiti a marandi 140, kuti antchito wamba nawonso alowe.

Ku England ocemerera anadzilankhulira okha. Mu February 2016, anthu zikwizikwi a timu ya Liverpool anatuluka m'bwalo la Anfield pa mphindi ya 77 podandaula tikiti ya mapaundi 77. Pasanapite sabata eni timuyo anapepesa nabweza mtengowo. Caka comweco makalabu a Premier League anagwirizana kuti wocemerera amene wayenda ulendo kutsata timu yace asalipire koposa mapaundi 30. Anazindikira kuti wocokera kutali walipira kale pa njira.

Akuluakulu a Football Association of Zambia ali ndi zolipira zenizeni: bwalo, acitetezo, oimba mluzu, ndi maulendo a osewera. Palibe anena kuti anthu alowe ulele. Koma mpando wopanda munthu subweretsa ngakhale ngwee imodzi, ndipo bwalo la National Heroes, limene linatsegulidwa mu 2014, lili ndi malo a anthu pafupifupi 60,000. Linadzaza mu March 2017 pamene anyamata osapitirira zaka 20 anagonjetsa Senegal 2-0 natenga cikho ca Africa, ndipo phokoso la tsikulo linathandiza osewera monga Patson Daka ndi Fashion Sakala.

Motero zofunika ndi zitatu. Mbali imodzi ya bwalo isungidwe pa mtengo wotsika pa masewera onse a dziko. Matikiti ena azigulitsidwa m'maboma monga Chongwe, Rufunsa ndi Kafue, kuti munthu asanyamuke ulendo ndi kukagwa m'manja mwa ogulitsa mwacinyengo pacipata. Ndipo mitengo izilengezedwa pa wailesi nthawi ikalipo, kuti makalabu a m'midzi asonkhe ndalama ndi kubwereka basi imodzi.

Akuluakulu anati kupatsa ndi kuika. Mnyamata amene alowa m'bwalo pa mtengo wocepa lero ndiye adzagula tikiti zaka 40 zikudzazi, ndipo mwina ndiye adzabvala jezi ya Chipolopolo.